Kulemba Phunziro la Ntchito za Manja Loti Liyende pa Foni

Mwana aliyense wa kuno kwa Kaomba amene adatumidwapo kukagula mayunitsi amadziŵa zizindikiro ziŵiri zimene zili m'munsi mwa manambala a pa foni: kanyenyezi kudzanja lamanzere, ndi timizere tinai topingasana kudzanja lamanja, timene ambiri amatitcha hashi. Amayamba ndi kanyenyezi, nalemba manambala, natsiriza ndi hashi, ndipo makina a kampani ya mafoni amamva chimene iye afuna. Zizindikiro zomwezi, pamodzi ndi zina zitatu kapena zinai, n'zokwanira kuti mphunzitsi alembe phunziro la ntchito za manja limene lingaŵerengedwe pa foni, pa kompyuta ndi pa pepala pomwe, popanda kugula pulogalamu ina iliyonse. Izi ndizo ndifuna kukambirana nanu, inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, makamaka amene posachedwapa mupita ku sukulu za kumidzi kukayeserera kuphunzitsa.

Kuphunzitsa munthu amene ali kutali si chinthu chachilendo m'dziko muno. Mu 1965 boma lidatsegula Malawi Correspondence College, imene tsopano itchedwa Malawi College of Distance Education, ndipo maphunziro ake ankayenda m'maenvulopu a pa positi. Ambiri a inu mudakula mukumvera pulogalamu ya Tikwere pa wailesi. Koma nkhaniyi idatifika pakhosi pa 23 Malichi 2020, pamene sukulu zonse zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo sizidayambe kutsegulidwa mpaka mu Seputembala. M'miyezi imeneyo aphunzitsi ambiri, pofuna kuthandiza, ankajambula masamba a makope ao ndi foni n'kutumiza zithunzizo pa magulu a WhatsApp. Cholinga chidali chabwino. Koma wophunzira wa kumudzi, amene wagula kabandulo kakang'ono ndi ndalama ya ganyu wosoka fodya, ankatsegula zithunzi zisanu, bandulo n'kuthera pomwepo, mutu wa phunziro usanafike ndi pakati pomwe.

Tiyeni tiŵerengetse pang'ono, pakuti masamu ake ndi apafupi. M'makina aŵa chilembo chimodzi chimatenga malo amene amaŵatcha baiti imodzi. Tsamba lodzaza ndi mau likhoza kukhala ndi zilembo ngati 3,000, ndiye kuti mabaiti 3,000. Chithunzi cha tsamba lomwelo, chojambulidwa ndi foni wamba, kaŵirikaŵiri chimatenga mabaiti mamiliyoni aŵiri kapena atatu. Mau ake ndi omwewo, koma katundu walemera pafupifupi ka 1,000. Amene amalipira mtengo wonyamulira katunduyo ndi wophunzira, osati ife.

Tsono wina adzati, ngati n'tero tingolemba mau okhaokha n'kutumiza. Apa m'pamene pali vuto lina. Mau okhaokha, opanda mutu, opanda ndime, opanda chosonyeza kuti ichi ndicho choyamba ndipo icho n'chachiŵiri, amakhala ngati fodya wongounjikidwa m'chigafa, wosasankhidwa. Mlimi akamaliza kusankha fodya wake n'kumudinda pa jeke, belo silipita ku okushoni ya ku Chinkhoma lopanda chikalata. Chikalatacho sichisintha tsamba ngakhale limodzi m'kati mwa belo, koma chimauza aliyense wolinyamula, woliyeza ndi woligula kuti belo ili ndi la yani, ndipo n'lolemera bwanji. Zizindikiro zimene ndikunenazi zimagwira ntchito yofanana ndi imeneyo. Zimauza makina kuti mzere uwu ndi mutu, mizere iyi ndi mndandanda wa zipangizo, mau aŵa ndi chenjezo. Za kukula kwa zilembo ndi maonekedwe ake, makinawo amadzionera okha molingana ndi pamene phunzirolo likaŵerengedwe.

Nzeru imeneyi idachokera kwa osindikiza mabuku. Kale mkonzi ankatenga pensulo n'kulemba timizere ndi tizizindikiro m'mbali mwa zolemba za mlembi, kuuza woyala zilembo kuti apa payambe ndime, apa pakhale zilembo zakuda kwambiri. Pamene Tim Berners-Lee ankayambitsa masamba a pa intaneti ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, m'zaka za 1990 ndi 1991, adakonza kalembedwe ka zizindikiro kotchedwa HTML, kamene masamba a pa intaneti amagwiritsabe ntchito mpaka lero. Koma HTML ili ndi zizindikiro zambiri, ndipo munthu akayang'ana tsamba lake losamasuliridwa maso amachita chidima. Mu 2004 John Gruber wa ku America adatulutsa kalembedwe kena kopepuka, kotchedwa Markdown, kamene cholinga chake chidali chakuti zolembazo ziziŵerengeka bwino ngakhale makina asanazisinthe. Kameneka ndiko ndimaphunzitsa m'kalasi langa, ndipo sikatenga nthaŵi yoposa phunziro limodzi kuti munthu akagwire.

Nachi chitsanzo. Ndasankha nazale ya mitengo chifukwa dera lathu lino likuidziŵa njala ya mitengo: zigafa zimadya milimo ndi mikangala chaka ndi chaka, mabani ochizira fodya amadya nkhuni, ndipo phunziro la zaulimi m'makalasi apamwamba a pulaimale silingaizembe nkhaniyi.

# Kufesa njere za msangu m'machubu

## Zofunika
- njere za msangu zouma bwino
- chodulira zikhadabo
- machubu odzaza dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa

## Kachitidwe kake
1. Thirirani machubu tsiku limodzi musanafese.
2. Pezani kamchombo ka njere, pamene idalumikizana ndi khoko lake.

Chenjezo: musabudule mbali ya kamchombo, pakuti ndi kumene kumatulukira muzu.

3. Budulani pang'ono khungu la njere ku mbali yotalikana ndi kamchombo.
4. Fesani tsiku lomwelo, osapitirira masentimita 2 kuya kwake.

Mwaona kuti hashi imodzi ndi mutu waukulu, mahashi aŵiri ndi mutu waung'ono, kamzere kogona ndi chinthu cha pa mndandanda, nambala yotsatana ndi kadontho ndi sitepe, ndipo tinyenyezi tiŵiri uku ndi uku timadetsa mau kuti aoneke msanga. Basi. Wina angaliŵerenge monga lililimu pa foni ya mabatani, ndipo sangasokere.

Phindu la kupepuka kwa fayilo ndalinena kale, koma phindu limene ine ndimaliona lalikulu kuposa lili m'mutu mwa wolembayo. Munthu amene akulemba ndi pulogalamu ya zokometsera zambiri amataya nthaŵi posankha mitundu ya zilembo, kuika maluŵa m'mbali mwa tsamba ndi kupaka mutu utoto wofiira, ndipo tsambalo likakongola amakhulupirira kuti phunziro lapsa. Wolemba ndi zizindikiro alibe pobisala. Pa mzere uliwonse ayenera kudzifunsa kuti, kodi ichi ndi chiyani? Ndi chipangizo, ndi sitepe, ndi chenjezo, kapena ndi nkhani chabe yongofotokozera? Ngati ndi sitepe, ndi yachingati? Mafunso ameneŵa ndi omwe aja timakufunsani tikamayang'ana chikonzekero chanu cha phunziro, ndipo ambiri mumatiyesa ovuta.

Chaka chatha ndidapatsa gulu lina la ophunzira ntchito yolemba phunziro lomweli la msangu. Mmodzi wa iwo, mtsikana wanzeru ndithu amene kwao amalima fodya ndipo nazale adakulira momwemo, adalemba zonse molondola, koma chenjezo la kamchombo adaliika kumapeto kwenikweni, pansi pa mutu wakuti "Zina zofunika kudziŵa". Sindidamuuze kanthu. Tidatenga njere zodzaza dzanja ndi foni, n'kupatsa mnzake amene adakulira m'tauni ndipo msangu sadauonepo, kuti atsate zolembedwazo ife tili chete. Mnyamatayo adaŵerenga sitepe yoyamba nachita, yachiŵiri nachita, ndipo pofika pa chenjezo paja n'kuti atabudula kale njere khumi, zinai mwa izo mbali yolakwika. Mwini phunziro adafuna kulankhula kangapo konse, koma lamulo la zoyeserazi n'lakuti wolemba atseke pakamwa, pakuti kumudzi kumene phunzirolo likupita iye sadzakhalako. Atabwerera pa mpando adasuntha mzere umodzi wokha, kuuchotsa pansi n'kuuika pamwamba pa sitepe yachitatu, ndipo ntchito yonse yokonza idathera pomwepo.

Munthu woŵerenga pa foni amaona mizere isanu kapena isanu ndi umodzi pa nthaŵi imodzi, ndipo dzanja lina lili ndi dothi. Sayamba waŵerenga tsamba lonse monga timachitira ndi nthano. Chifukwa chake sitepe iliyonse ikhale ndi ntchito imodzi, iyambe ndi mneni wolamula, ndipo chenjezo litsogole ntchito imene likuchenjezayo. Muyeso utchulidwe ndi chinthu chimene munthuyo ali nacho pafupi: ngati palibe rula, nenani kuti kuya kwake kufanane ndi kachigawo kakumapeto ka chala. Mukafika pa nkhani yakuti msangu umathamangitsa muzu wake pansi msanga, kotero kuti machubu ayenera kukhala pa thandala kapena mizu izidulidwa kaŵirikaŵiri, imeneyo ndi ntchito ya sabata zotsatira, ndipo ipatsidwe mutu wakewake, isapanikizidwe pakati pa masitepe a tsiku lofesa.

Nanga zipangizo zake n'zotani? Polemba, pulogalamu iliyonse yolembera mau wamba ikwanira. Pa mafoni a Android pali ina yaulere yotchedwa Markor, imene imasonyeza pomwepo mmene tsamba lidzaonekere. Phunziro likalembedwa, pa kompyuta pali pulogalamu ina yaulere, Pandoc, imene adaiyamba mu 2006 John MacFarlane, mphunzitsi wa filosofi pa yunivesite ya ku Berkeley ku California. Mukaipatsa fayilo yanu ija, imakubwezerani tsamba la HTML loti litsegulidwe pa foni, kapena kabuku ka pa foni, kapena fayilo yoti mutsegule ndi LibreOffice, imenenso ndi yaulere, n'kusindikiza pa pepala. Mfundo yake ndi yakuti mumalemba kamodzi kokha. Enafe tidakula tikulemba mayeso osindikizidwa pa makina a Gestetner, ndipo tikukumbukira kuti mlembi akaphonya pa sitensulo ankapaka mankhwala ofiirira aja n'kudikira kuti aume, ndipo zolakwa zikachuluka ankayambanso tsamba lonse. Pano mukonza mzere umodzi mu fayilo yoyambirira, ndipo tsamba la pa foni ndi la pa pepala zonse zituluka zokonzeka.

WhatsApp nayo imamva zizindikiro zina zofanana ndi izi, ngakhale kuti pali kusiyana pang'ono: kumeneko kanyenyezi kamodzi uku ndi uku ndiko kamadetsa mau, ndipo kuyambira mu 2024 imazindikiranso mindandanda ya timizere ndi ya manambala. Mahashi a mitu siiŵamva, kotero amangooneka monga mudaŵalembera, zimene sizisokoneza munthu.

Kumene koleji kapena sukulu ili ndi kompyuta yosungira maphunziro, kaŵirikaŵiri mudzapeza pulogalamu yotchedwa Moodle, imene idatuluka mu 2002. Mwini wake, Martin Dougiamas, adakulira m'chipululu cha kumadzulo kwa Australia, kutali ndi sukulu, ndipo maphunziro ake oyamba adaŵalandira kudzera pa wailesi. Ndimakonda kuŵauza ophunzira anga zimenezi kuti asamayese kuti zinthuzi adazipanga anthu osadziŵa mtunda. Moodle imalandira zolembedwa mu Markdown, ndipo ngakhale mafunso a mayeso mukhoza kuŵalemba ndi zizindikiro, yankho lolondola n'kulitsogoza ndi chizindikiro cha kufanana chija cha m'masamu. Kumene kulibiretu intaneti kuli njira ina. Kakompyuta kakang'ono ngati sopo wochapira, kotchedwa Raspberry Pi, kamene kadayamba kugulitsidwa mu 2012, kakhoza kuyenda ndi batire ya sola n'kumagaŵira mafoni onse a m'chipinda maphunziro amene adaikidwamo kale, kudzera m'pulogalamu ngati Kolibri, popanda aliyense kugula bandulo. Koma sukulu zambiri zimene mupiteko sizidzakhala ndi chilichonse mwa izi, ndipo musataye mtima. Fayilo ya mabaiti 3,000 imadumpha kuchoka pa foni kupita pa inzake ndi Bluetooth m'kuphethira kwa diso. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Phunziro limene lasungidwa m'foni ya wophunzira ndi lake ndithu, pamene limene lili pa intaneti limadikira netiweki, bandulo ndi magetsi, zinthu zitatu zimene kumidzi kuno sizikumana pamodzi tsiku lililonse.

Za zithunzi ndinenepo pang'ono. Phunziro la ntchito za manja limafuna chithunzi pamene mau alephera, ndipo kamchombo ka njere ndi malo amodzi otero. Jambulani pafupi, pa pepala loyera, kunja kukuŵala, ndipo chithunzicho muchichepetse musanachiike; chimodzi chabwino chiposa zisanu zongodzazira. Markdown ili ndi malo olembapo mau ofotokoza chimene chili pa chithunzi, ndipo ambiri amaŵasiya opanda kanthu poganiza kuti palibe adzaŵaone. Kuno ku Kasungu tili ndi sukulu ya ana osaona ku Chilanga, ndipo ena mwa inu mudzakhala ndi ana ovutika kuona m'makalasi mwanu momwe. Pulogalamu zoŵerengera anthu osaona zimatchula mokweza mau ofotokozera aja, ndiponso zimalola munthu kudumpha kuchoka pa mutu wina kupita pa wina, pokhapokha ngati wolemba adaika chizindikiro cha mutu. Mutu umene udangokulitsidwa zilembo, kwa makinawo ndi mzere wamba. Chithunzi cha tsamba la kope, chija tinkatumizirana mu 2020, kwa mwana wosaona n'chimodzimodzi khoma.

Kanthu kena kakang'ono kokhudza chinenero chathu. Chilembo cha ŵ chidavutitsa alembi a mataipi, amene ankachita kuonjezera kadenga kake ndi cholembera, ndipo pa makompyuta ena chimasanduka tizizindikiro tachilendo. Posunga fayilo sankhani kasungidwe kotchedwa UTF-8, ndipo dzina la dziko lathu lidzafika kumene likupita lili ndi denga lake.

Alipo anzanga ena amene amati zonsezi n'zachikale, lero ndi nyengo ya kanema, ingojambulani vidiyo basi. Sinditsutsa kuti kanema ali ndi malo ake. Kapotokoledwe ka dzanja pomezanitsa mango, kapena kagwiridwe ka mpeni, n'kovuta kukalemba. Koma kanema wa mphindi zisanu amalemera kuposa mabuku angapo a mau okhaokha, ndipo mukaphonya muyeso umodzi muyenera kujambulanso. Munthu amene ali pa nazale akaiŵala sitepe yachitatu, pa tsamba amangoponya diso, pamene pa kanema amabweza uku ndi uku batire ikutha. Maganizo anga ndi akuti mau ndiwo akhale msana wa phunziro, ndipo kanema, ngati alipo, akhale wa masekondi oŵerengeka, wosonyeza chinthu chimodzi chokha, woti munthu atsegule akafuna. Ndipo ngakhale zonsezi zitakhalapo, mwana sadzadziŵa kulimba kwa khungu la njere ya msangu mpaka ataigwira yekha. Tsamba limathandiza mphunzitsi kukonzekera ndi wophunzira kukumbukira, koma nazale yeniyeniyo iyenera kumangidwa kuseri kwa kalasi, ndi madzi otunga pa mjigo.

Liu lakuti "zaulere" lili ndi mbali ziŵiri, ndipo yachiŵiriyo ndiyo imaiŵalika. Mbali yoyamba ndi yakuti simulipira. Yachiŵiri ndi yakuti muli ndi ufulu wokopera, kusintha ndi kugaŵira ena. Buku lokhala ndi umwini wonse simungalitembenuze m'Chicheŵa n'kuligaŵa popanda chilolezo, ngakhale mutalipeza pa intaneti osalipira. Koma kuyambira mu 2002 pali zilolezo zotchedwa Creative Commons, zimene mlembi amaika pa ntchito yake kunena kuti, tengani, sinthani, koma munditchule. Maphunziro a aphunzitsi a TESSA, amene Open University ya ku Britain idayamba kukonza mu 2005 pamodzi ndi makoleji a mu Africa muno, adatuluka ndi chilolezo chotere. Inunso pansi pa phunziro lanu lembani dzina lanu, chaka, ndi mau olola ena kulisintha. Mphunzitsi wa ku Nsanje akalitenga adzafuna kusintha mwezi wofesera, wa ku Rumphi adzafuna kulitembenuza m'Chitumbuka, ndipo fayilo ya mau wamba imalola zonsezi popanda kufuna pulogalamu yodula. Pa koleji pano timakuphunzitsani TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu lomwe. Lero foni ya m'thumba mwa mphunzitsi ili m'gulu la zinthu zimenezo, pamodzi ndi zitsekerero za mabotolo ndi mapesi.

Sindikunena kuti palibe mtengo konse. Foni imafuna kutchajidwa, ndipo kumene kulibe sola ndiye kuti ulendo wa ku sitolo ndi ndalama ya tchaji. Kulemba masamba aŵiri ndi zala ziŵiri pa kagalasi ka foni kumatopetsa, n'chifukwa chake ndimalangiza kuti muyambe mwalemba m'kope, ndi zizindikiro zake zomwe, ndipo muyese phunzirolo pa munthu lisanaloŵe m'makina. Pandoc imafuna kompyuta, koma gawo limenelo mukhoza kulichitira pa koleji pano nthaŵi imodzi, maphunziro a gulu lonse pamodzi.

Kuyambira mu 1976 dziko lino lidali ndi tsiku lobzala mitengo pa 21 Januwale, ndipo masiku ano ndi nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Kuti mbande zikhale zokonzeka mvula ikakhazikika, nazale imayenera kuyamba m'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala, nthaŵi yomweyo imene makolo a ana anu adzakhala ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya m'madambo. Choncho amene mupita ku sukulu zoyeserera chaka chino, gulu lililonse la anthu anai lilembe phunziro limodzi: ena za kusakaniza dothi ndi kudzaza machubu, ena za kufesa, ena za kuthirira ndi kudula mizu, ena za kukhwimitsa mbande ndi kuokera. Phunziro lililonse liyesedwe pa munthu wa gulu lina, wolemba ali chete, ndipo mafayilo onse afike kwa ine teremu ino isanathe, kuti tiŵasonkhanitse m'kabuku kamodzi kamene aliyense adzanyamule m'foni mwake, ndi makope ena a pa pepala a sukulu zimene kulibe potchajira.